Ine ndi mwana wanga tinagwirana bodza ku hotela ya ku Melnik

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 66, ndinapuma pantchito yoyendetsa sitima zapamtunda. Chibadwire sindinalemberepo nyuzipepala, koma masiku ano ndikuyenda monyang'ama m'nyumba yomanga ndekha, ndiye ndati ndikuuzeni inu amene simundidziwa. Mayina a anthu ndawasintha.

Mkazi wanga Rumyana anatisiya zaka zinayi zapitazo. Nyumba yathu ndi yosanja. Ine ndimakhala pansi, ndipo mwana wanga Nevena, yemwe ndi mphunzitsi, amakhala m'mwamba ndi kamtsikana kake. Nevena ankawakonda mayi ake koopsa. Mpaka lero chithunzi cha mayi ake cholengeza maliro, chimene tinamata pageti monga mwa mwambo wathu, chikangoyamba kufwifwa ndi dzuwa amakasindikiza china, ndipo kapu imene mayi ake ankamwera khofi palibe amaigwira.

Ndiye pali a Zlatka. Iwowa anali mnzake wapamtima wa mkazi wanga, ankaimba limodzi m'kwaya, ndipo Nevena anakula akuwaitana kuti Anti Zlatka. Amuna awo anamwalira kalekale. Chaka chilichonse nthawi yowotcha tsabola wosunga m'mabotolo ankabwera kudzathandiza, ndipo maliro atadutsa sanasiye kubwera. Chaka choyamba tinawotcha tsabola tikulira. Chaka chachiwiri tinawotcha tikucheza. Chaka chachitatu tsabola anapserera. Sindinu mwana, mwamva. Nevena sitinamuuze. Amene ankati tidikire kaye ndine.

Ndikuuzeninso za Kalin, amene anali mwamuna wa Nevena. Iyeyu anapita ku Spain kukayendetsa malole, akuti miyezi itatu yokha. Miyezi itatu ija inabala ana ndi zidzukulu. Ankangotumiza zithunzi atavala magalasi akuda, kenaka tinamva kuti komweko, mumzinda wa Valencia, ali ndi mkazi wina. Mwana wanga anaonda ngati ndodo. Ukwati utatha kukhoti, ndinakwera m'mwamba n'kuponya katundu wake yense mumsewu, aneba onse akuonerera, ndipo ndinalumbira pamaso pawo kuti akadzapondanso pakhomo panga ndidzamuthyola miyendo. Suti yake yaukwati yokha ndinasunga. Ndinaiveka matabwa awiri opingasa m'dimba langa la tomato, ikuopseza mbalame mpaka lero.

Mwezi watha a Zlatka anapuma pantchito kusitolo ya mankhwala, ndipo anzawo anawapatsa mphatso yokagona anthu awiri ku hotela ina yapamwamba ku Melnik, pakati pa minda ya mphesa. Anandiuza kuti, "Ndatopa ndi zolowera geti lakumbuyo ngati ana asukulu. Tiyeni tikakhale kumene tingagwirane manja dzuwa likuona." Ndinauza Nevena kuti ndikupita ku Velingrad ndi anzanga a kunjanji kukaviika mawondo m'madzi otentha. Kuti nkhani imveke bwino ndinayamba kutsimphina ulendo udakali kutali. Iye anati zakhala bwino, poti nayenso ali ndi msonkhano wa aphunzitsi ku Sofia, mwana akamusiya kwa mnzake. Anandilongedzera mafuta opaka m'mawondo. Ine ndinamunyamulira chikwama mpaka pa takisi, ndikutsimphina, uku ndikumulangiza kuti asamadzipanikize ndi ntchito.

Aphungu, hotela imeneyo si ya anthu onga ine. Titangoima, bambo wina wa mabatani agolide anatambasula dzanja kuti ndimupatse makiyi a galimoto. Ine ndinamugwira chanza. Chikwama ndinakana kupereka, poti munali rakiya wanga, kachasu wa zipatso wotcheza ndekha, ndi tomato wa m'dimba, kuopa kuti chakudya chikhala chochepa. Ndipo chinalidi chochepa: mbale yaikulu ngati chiwongolero cha basi, pakati kanyama ngati batani. Bedi linali lalikulu moti a Zlatka akalankhula mbali yawo ndinkayankha kuti, "Mwati?" Bafa analiika pakati penipeni pa chipinda, popanda khoma kapena nsalu, kaya amisiri anaiwala. Koma ndisaname, madzulo oyambawo tinakhala pakhonde, mizere ya mphesa ikutsikira kuchigwa, zitunda zamchenga zozungulira tauniyo zitafiira, a Zlatka atatsamira phewa langa. Anati, "Mukudziwa kuti aka n'koyamba kukhala nanu osatchera khutu kugeti?" Mtima wanga unali usanakhalepo pansi chotero kuyambira pa maliro.

M'mawa mwake a pahotelapo anatitengera kosamalira thupi, amuna kwawo, akazi kwawo. Anandiviika m'bafa la vinyo wofunda. Ndinafunsa ngati n'kololedwa kulawako, mayi wogwira ntchitoyo anati ayi. Vinyo wabwinobwino, Aphungu, kusambitsira nkhalamba. Kenaka anandiveka mkanjo woyera wolekeza pamwamba pa mawondo, anandipaka kumaso phala la njere za mphesa, anandiphimba maso ndi kathaulo, n'kundigoneka pampando wautali m'chipinda chopumulira amuna ndi akazi omwe, momwe munkalira kanyimbo konga ka pamaliro. Phalalo litauma linandigwira nsagwada, moti ndinkalankhulira m'mano. Dziwaninso kuti khutu langa lakumanzere linapita ndi phokoso la sitima.

Kumanzere komweko kunagona munthu wina, naye wolankhulira m'mano.

"Abwana," anatero, "nanunso mwachita kukokedwa ndi mayi akunyumba?"

Ndinati eya, koma si mayi akunyumba kwenikweni, nkhani yake ndi yobisa. Anaseka, nati ndiye matenda athu ndi amodzi.

"Wangayu anali mkazi wanga," anatero, "ndinamutaya ndekha chifukwa cha uchitsiru. Ndinabwerako chaka chatha, ndakhala ndikupepesa mpaka wandilola kuyesanso. Koma tikubisala chifukwa cha bambo ake. Nkhalamba ija ndi chimbalangondo. Ikakalipa, agalu a mumsewu wonse amalowa kunsi kwa magalimoto."

Ine ndinamumvera chisoni. "Tamvera mphwanga," ndinatero, "nkhalamba zotere ndimazidziwa, phokoso lambiri koma mano zilibe. Mkaziyo ndi wamkulu, sanakwatiwe ndi bambo ake. Ngati wasinthadi, ukagogode geti lakutsogolo masana, uiyang'ane nkhalambayo m'maso. Ikakalipa ikakalipa, itopa."

Anandithokoza kwambiri, nati mawu otere ngakhale bambo ake omubala sanamuuzepo. Ndiye nanenso ndinamasuka. Ndinati ine ndikuthawa mwana wanga wamkazi, amene wasandutsa nyumba yanga manda, ndipo amandilondera ngati wapolisi wa pamalire. "Ana ena alibe chisoni," iye anatero. Tinapangana kuti madzulo tilawe rakiya wanga.

Pamenepo mawu amene ndingawadziwe ngakhale ndi khutu lakufa anati, "Kalin, ukucheza ndi ndani?"

Ndinachotsa kathaulo. Nayenso anachotsa kake. Wanenepa, dazi lafika pakati pa mutu, nkhope yofiirira ngati biringanya, koma ndi yemweyo. Nevena anaima pakhomo mumkanjo woyera wonga wanga, ndipo sindinadziwe kuti waima pamenepo kuyambira liti. Kanyimbo kaja kanali kakulirabe.

"Ababa," anatero Nevena, "mawondo ali bwanji?"

"Akupezako bwino. Msonkhano ukuyenda?"

"Ukuyenda."

Kalin anadzuka, phala likuyoyoka m'masaya, nati, "Moni, bambo." Ndinati ine si bambo ake.

Ndikanapambana pamenepo, Aphungu, chifukwa mlandu wonse unali wawo. Koma kumbuyo kwa Nevena kunatulukira a Zlatka, nawonso mumkanjo, atanyamula magalasi anga ndi mapilitsi anga a mtima. Nevena anatembenuka. "Anti Zlatka?" Ine mutu unaima, pakamwa panayenda pokha. Ndinati, "Aa, a Zlatka, kodi nanunso muli kuno? Zoonadi mapiri okha ndiwo sakumana."

A Zlatka anafika pafupi ndi mpando wanga. Kenaka anaika magalasi ndi mapilitsi pamimba panga, nati, "Ndatola izi panjira, bambo. Mwina mwini wake mukumudziwa." Anatuluka osathamanga.

Nditasamba kumaso ndinawapeza pakhonde la chipinda chathu akudya tomato wanga ndi mchere. Ndinati ndachita zija powateteza. "Kunditeteza kwa ndani?" anafunsa. "Kwa mwana amene ndinkamusintha matewera?" Anapitiriza kudya mpaka tomato anatha.

Melnik mukuidziwa, msewu ndi umodzi, kothawira kulibe. Madzulo ake hotela inakonza zoti alendo onse akalawe vinyo m'phanga la migolo, ndipo atamva kuti ndife apachibale anatikhazika tebulo limodzi, akumwetulira ngati atichitira zabwino. Katswiri wawo ankathira pang'onopang'ono, kutiuza kuti tizungulize tambula, tinunkhize, tinene chimene tikumva. Alendo ena ankati maula, ena ankati chikopa, wina anati nthaka ya mvula yoyamba. Atafika pa a Zlatka, ananunkhiza nati, "Ine ndikumva fungo la mantha. Mantha okhwima bwino, osungidwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi." Katswiriyo anati n'koyamba kumva zimenezo, koma mphuno zimasiyana. Nevena anati wake akununkha manda. Apo ndinadziwa kuti anamva zonse.

Kalin, pofuna kukonza zinthu, anaimirira nati tikweze matambula chifukwa cha banja. Palibe anakweza. Anakhala pansi, kenaka anazungulira kukhutu langa labwino n'kunong'ona, "Bambo, ndamva kuti suti yanga ilipobe." Ndinati ilipo, ndipo ikugwira ntchito kuposa mmene mwini wake anagwirirapo. Anati, "Zimenezo n'zoona." Zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu wovomera sukangana naye. Anawonjezera kuti malangizo amene ndinamupatsa m'mawa wawasunga mumtima.

Kenaka Nevena anafunsa mosakweza mawu, "Anti, munayamba amayi ali moyo?"

A Zlatka anaika tambula pansi. "Ayi, mwanawe. Amayi ako ndinkawasambitsa ine akudwala, ndipo ndinawalira zaka ziwiri. Ndikanakuuza kalekale, koma bambo ako ankati tidikire. Lero ndamva kuti sakundidziwa n'komwe, ndiye palibenso choti ndikuuze."

Nevena analira, a Zlatka analira, Kalin anagawa tinsalu topukutira, ine ndinameza vinyo amene anati tizilavula.

Pogona a Zlatka anamanga mpanda wa mapilo pakati pa bedi, ndipo ku hotela kuja mapilo alipo okwanira kumangira khola. M'mawa ndinalimbana ndi makina a khofi mpaka dzanja lina linadutsa paphewa langa n'kudina batani loyenera. Linali la Kalin. Khofiyo ndinamwa, koma sindinathokoze. Pamalo oimika magalimoto Nevena anangoti, "Ababa, mafuta a mawondo aja mundibwezere, alipo anthu odwaladi." Pobwerera ndinakatula a Zlatka kwawo. Potsika anati, "Mukadzandikumbukira mudzabwere. Koma geti lakumbuyo ndikulikhoma lero."

Papita masabata angapo tsopano. A Zlatka foni sakuyankha. Ine ndi Nevena tikakumana pamasitepe amati, "Mawondo?" ine ndimati, "Msonkhano?" basi aliyense njira yake. Mdzukulu wanga akufunsa kuti agogo anachira bwanji msanga chonchi, poti akufuna akauze aphunzitsi ake odwala mwendo. Galimoto ya Kalin ndimaiona itaima pakona, pafupi ndi sitolo ya buledi, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina agogodadi, anthu onse amene anandimva ndikulumbira ali m'mawindo.

Ndithandizeni. Ndimuthamangitse bwanji Kalin popanda kutaya mwana wanga? Pakati pa ine ndi Nevena woyamba kupepesa ndani, poti bodza tinanena tonse koma wamkulu ndine? Nanga a Zlatka kukwiya kwawo kutha liti? Ndikuganizanso zolembera hotela ija kudandaula, chifukwa si bwino kugoneka alendo moyandikana, maso ophimba, osawauza kuti winayo ndani.

V. D., Pazardzhik

Bambo V. D.,

Hotelayo isiyeni. Inakusambitsani, inakudyetsani, ndipo inachita chimene inu munachilephera nthawi yonseyi, kukhazika banja lanu patebulo limodzi. Bodza sanakupatseni kumeneko. Munapita nalo nokha m'chikwama, pamodzi ndi tomato.

Ndaseka powerenga kalata yanu, sindibisa, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinu munthu wa mtima wabwino. Koma mafunso anu mwawasanja chadodolido. Mwayamba ndi Kalin, a Zlatka mwawaika kumapeto pafupi ndi madandaulo a hotela, chonsecho amene munawalakwira kwambiri ku Melnik ndi iwowo. Nevena munamunamiza, nayenso anakunamizani, anyani sasekana zikundu. Kalin munamunyoza, ndipo zinamuyenera. Koma mayi amene anakutengani pa mphatso yake, akukunyamulirani mapilitsi a mtima, munamukana pamaso pa anthu. Kumeneko si kukwiya koti kuzizire kokha ngati tiyi. Akudikira kuona ngati ndinu munthu woti angaime naye pagulu.

Yambani ndi masitepe, lero lomwe. Mwati wamkulu ndinu. N'chifukwa chake muyambe ndinu, poti ukulu si mpando wokhalapo kudikira opepesa. Za mawondo musatchule. Bodza limenelo mudzaliseka limodzi chaka chamawa, koma mawu a manda aja amulasa mwanayo, ndipo ndi amene muyenera kupepesa. Mwana wosindikiza chithunzi cha mayi ake si wapolisi, akulira. Mwina wakhala akuganiza kuti akusamala chisoni chanu, poti simunamuuzepo kuti mtima wanu wayamba kuphukira. Muuzeni m'mawu osavuta: mayi ako sindinawaiwale, a Zlatka ndimawakonda, ndinachita mantha. Funso limene anafunsa m'phanga lija lakusonyezani pomwe pakuwawa. Yankho analimva kwa a Zlatka, koma akufunika alimvenso pakamwa panu. Kapu ya mayi ake ikhale pomwe ili, ndipo musayembekezere kuti akuombereni m'manja tsiku lomwelo.

Mukatero metani ndevu, valani malaya abwino, mupite kwa a Zlatka wapansi, masana, nthawi imene anthu a mumsewu wawo ali panja. Uthenga wa pafoni ayi. Musakayambe kufotokoza za mutu umene unaima, kapena zoti munkawateteza, zimenezo zinatha ndi tomato. Mukanene kuti ndinakukanani, ndinalakwa, ndipo Nevena ndamuuza ndekha. Kenaka mukakhale chete, mutembenuzire khutu labwinolo, mumve zonse mpaka amalize, ngakhale zikhale zambiri. Akakubwezani, mubwererenso mawa lake. Akakulandirani, atengeni mukamwe khofi pakati pa tauni, pomwe anzanu a kunjanji amakhala, ndipo muwauze anzanuwo kuti mayiwa ndi ndani kwa inu.

Za Kalin ndilibe malangizo oposa amene munapereka nokha muli chiphimbire maso. Munati mkaziyo ndi wamkulu, sanakwatiwe ndi bambo ake. Munanena zoona, ndipo sizisanduka bodza chifukwa choti nkhalambayo yapezeka kuti ndinu. Sindikuti mumukhulupirire. Munthu amene anasiya mkazi ndi mwana amayesedwa ndi zochita zake kwa nthawi yaitali, osati ndi ulemu wa patebulo la vinyo. Mantha anu ndi a kholo, munaona mwana wanu akuonda. Muuzeni Nevena zimenezo kamodzi, mofatsa, ndiponso kuti zikadzavuta pansi pali bambo ake. Mukanena kamodziko mulekere pomwepo. Kholo likamakalipa tsiku ndi tsiku, mwana amasiya kuona zolakwa za mwamuna n'kuyamba kumuikira kumbuyo, ndipo akadzalakwiridwanso adzakubisirani chifukwa cha manyazi.

Akagogoda, tsegulani. Mufunseni mafunso onse ovuta, a ku Valencia omwe, atakhala pampando m'nyumba mwanu. Kuli bwino kumuyang'anira pafupi kusiyana ndi kumusuzumira pakona. Za lumbiro la miyendo musadandaule, aneba anu sakulisunga ngati lamulo la dziko. Ankangoonerera zaulere, ndipo mawa apeza zina. Koma suti ija muivule m'dimba. Mbalame zinaizolowera kale, ndipo pali kamtsikana kamene kamadutsa pamenepo tsiku lililonse kakudziwa kuti ndi ya bambo ake.

Chenjezo langa ndi ili. Musaganize kuti nthawi ikonza zimenezi inu mutapinda manja. Nevena angakwiye chaka chonse, adzakhalabe mwana wanu, magazi sasuluka. A Zlatka alibe chowamangirira kwa inu koma kufuna kwawo. Apuma pantchito, ali ndi nthawi yoganiza, ndipo ku Pazardzhik amuna amasiye odziwa kuvina alipo ambiri. Mukazengereza, tsiku lina mudzakumana nawo pamsika, dengu lawo atanyamula wina, ndipo adzakupatsani moni waulemu kwambiri.

Aphungu